Funsani Anamwino a Maso: Kodi diso amalizuladi n'kuliika m'mbale?

Makalata a mwezi uno agwera kumodzi. Pafupifupi onse akufunsa za dokotala wa opaleshoni ya maso, chimene amachita m'chipinda chija, ndi ngati n'ngodalirika. Ine sindine dokotalayo ayi. Ndine namwino wopuma pantchito, ndipo ndinakalambira m'fiyeta ya maso ndikuwiritsa zida ndi kupatsira madokotala timipeni tawo. Zimene ndikuuzeni n'zimene ndinkaona nditaima pambali pa phewa lawo. Kumbukirani kuti kalata siyeza diso.

FUNSO: Anamwino, mayi anga a zaka za m'ma 70 sakuonanso. Kuchipatala anati ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo anawalemba kuti akachitidwe opaleshoni. Koma anzawo kumudzi awauza kuti kumeneko amazula diso, kuliika m'mbale n'kumalipala, ndipo likawakanika amaikapo la mbuzi. Tsopano akukanitsitsa, akuti bola afe ndi maso awo. Ndiwauze chiyani? Bambo wa ku Ntchisi.

YANKHO: Bambo, nkhani ya mbaleyi ndinayamba kuimva ndili mtsikana, ndipo zikuoneka kuti idzandiperekeza kumanda iyo ikadali ndi moyo. Diso silizulidwa. Lamangiriridwa ndi minofu 6 yoliyendetsa, ndipo kumbuyo kwake kuli mtsempha wopita ku ubongo wokhala ndi timitsempha toposa 1 miliyoni. Mtsempha umenewo ukaduka, palibe dokotala padziko pano angaulumikize kuti munthu aonenso.

Mkati mwa diso, kuseri kwa kamwana ka diso, muli kagalasi kachibadwa. Munthu akamakula kamachita chifunga mpaka kuyereratu, ndiye ng'alayo. Si chinthu chomera pamwamba choti n'kupala, ndipo palibe mankhwala odontheza, a kuchipatala kaya a kwa asing'anga, amene angaisungunule.

Tsiku lisanafike amayeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kenako amayeza kutalika kwa disolo. Diso la munthu wamkulu limatalika mamilimita 23 kapena 24, ndipo kusiyana kwa milimita imodzi yokha kumasintha nambala ya kagalasi katsopano kamene adzaikidwe. Pa tsikulo timadontheza mankhwala okuza kamwana ka diso, timatsuka ndi ayodini, n'kubaya jakisoni wa dzanzi m'mbali mwa diso. Mayi anu sadzagonekedwa tulo. Azidzamva zonse zimene zikuyankhulidwa, ndipo agogo ambiri ankatuluka akudandaula za nsalu imene tinawafunditsa kumaso kuti imatentha, osati za ululu.

Dokotala amakhala pampando chakumutu kwa wodwala, maso ali pa maikulosikopu, manja atawatsamiritsa pachipumi cha wodwalayo kuti mutu ukasuntha, manjawo asunthire nawo limodzi. Amacheka pa choyera cha diso, kumtunda kumene chikope chimaphimba, kabala ka mamilimita 6 kapena 7. Sacheka molunjika pansi, amalowa mopendeketsa, kuti madzi a m'diso momwemo azikankha n'kutseka balalo. N'chifukwa chake nthawi zambiri sipafunika ulusi.

Pamene pamadziwikira katswiri ndi apa. Kagalasi kaja kamakhala m'kathumba, ndipo khoma lakumbuyo la kathumbako n'lopyapyala kuposa tsitsi limodzi kakhumi n'kupitirira. Amene munasendapo nyemba zonyika pokonza chipere mukudziwa mmene nyemba imapulumukira m'khoko lake mukaifinya. Pa chipere timataya khoko, koma apa dokotala amataya nyembayo n'kusunga khoko, lisang'ambike kumbuyo, chifukwa ndi mmene alowetse kagalasi katsopano. Nthawi imeneyi m'fiyeta mumati zii. Ngakhale ife anamwino okonda nkhani tinkadziwa kuti apa pakamwa patsekedwe. Zikayenda bwino, pakatha mphindi 15 kapena 20 wodwala amadzuka, tam'mata bandeji, ndipo m'mawa mwake timamatula.

Kagalasi katsopanoko n'kapulasitiki. Anakayambitsa ndi dokotala wa ku England, Harold Ridley, amene pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anaona kuti tizidutswa ta pulasitiki ya zenera la ndege tikalowa m'maso mwa oyendetsa ndege, diso silinkalimbana nato. Mu 1949 anaika kagalasi koyamba pachipatala cha St Thomas' ku London. Kwa zaka zambiri timagalasiti tinali ta mayiko olemera okha. Kuno tinkangochotsa ng'ala n'kumupatsa munthu magalasi okhuthala aja, ndipo akasweka kapena kutayika kumunda, munthu ankabwerera mumdima. Ndimaganiza kuti mantha ena a anzawo a mayi anu anachokera nthawi imeneyo, ndiye sindiwaseka. Zinthu zinasintha pamene chipatala cha Aravind ku India chinatsegula fakitale ya Aurolab mu 1992, ndipo mu 1994 bungwe la Fred Hollows linathandiza kutsegula mafakitale ena ku Kathmandu m'dziko la Nepal ndi ku Asmara m'dziko la Eritrea. Kagalasi kamene kankagulidwa madola oposa 100 kanatsika kufika pa madola 10, kenako kutsikanso. Dr Sanduk Ruit wa ku Nepal ndi mmodzi mwa amene anakonza ndi kufalitsa njira ya kabala kosasoka imene ndafotokozayi.

Za mbuzi, pali kachoonadi kamene kanapotozedwa panjira. Ophunzira amayesera pa maso a mbuzi kapena a nkhumba ochokera kophera nyama asanaloledwe kukhudza munthu. Masowo amathera pathebulo la ophunzira pomwepo, kenako kudzala.

Musawalonjeze mayi anu kuti palibiretu choopsa. Kathumba kaja nthawi zina kamang'ambika, ndipo mwa apo ndi apo diso limalowa tizilombo. N'chifukwa chake kawirikawiri amachita diso limodzi kaye. Akabwerera kunyumba azidontheza mankhwala monga auzidwira, asatikite diso, atalikire utsi wa kukhitchini ndi fumbi la popeta, ndipo diso likayamba kupweteka kwambiri kapena kuona kukayamba kuchepa, abwerere tsiku lomwelo. Koma musalimbane nawo ndi mawu anu okha, inu ndinu mwana wawo basi. Funsani kutchalitchi kapena kwa alangizi a zaumoyo ngati m'dera lanu muli agogo amene anachitidwa kale, mukawatenge adzacheze nawo pakhonde. Musachedwetse kwambiri, chifukwa ng'ala ikapitirira kukhwima imatha kutupa kapena kuchucha mkati n'kuwononga diso lonse.

FUNSO: Ndili Fomu 3 ndipo ndikufuna kudzakhala dokotala wa opaleshoni ya maso. Vuto ndine wamanzere, ndipo ena akuti ntchito imeneyi singandiyanje. Komanso kodi amene amayeza magalasi m'tauni ndi dokotala yemweyo? Njira yake ndi yotani? Mtsikana wa ku Mulanje.

YANKHO: Mwanangu, amene anakuuza zamanzerezo sanalowepo m'fiyeta ya maso. Dokotala wa maso amagwira ndi manja onse awiri nthawi imodzi, lina likugwira diso, lina likucheka, ndipo mapazi nawo ali pantchito. Phazi lina limaponda chowongolera maikulosikopu, lina chowongolera makina. Ambiri amavula nsapato kuti azimva bwino chopondacho. Wamanzere wakhala akukakamizidwa kugwiritsa ntchito dzanja lamanja chibadwire, ndiye amayamba ali kale patsogolo. Dr Govindappa Venkataswamy wa ku India anadwala nyamakazi ali ndi zaka za m'ma 30 mpaka zala zake zinapindika. Anaphunzira kugwira zida ndi zala zomwezo, anachita maopaleshoni oposa 100,000, ndipo mu 1976, atapuma ntchito ya boma, anatsegula chipatala cha Aravind mumzinda wa Madurai ndi mabedi 11 okha. Chimene uyenera kukayezetsa ndi maso ako: onse awiri ayenera kugwirira ntchito limodzi, chifukwa pa maikulosikopu umafunika kuzindikira kuya kwa chinthu, osati kungochiona.

Amene amayeza magalasi ndi optometrist. Maphunziro ake a digiri anayamba pa Mzuzu University mu 2008. Amayeza kaonedwe, amalemba magalasi, amazindikira matenda n'kutumiza wodwala patsogolo, koma sacheka. Palinso clinical officer wa maso, wophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, amene ndi amene anthu ambiri amakumana naye pachipatala cha boma. Ena mwa iwo anawonjezera maphunziro ndipo amachita opaleshoni ya ng'ala. Ndinagwirapo ntchito ndi ena a manja abwino zedi, ndipo sindilola munthu kuwanyoza pamaso panga.

Katswiri amene iwe ukunena ndi dokotala wathunthu kaye. Ukhoze bwino MSCE, makamaka Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Ukasankhidwa kupita ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, pali chaka chokonzekera, kenako zaka 5 za udokotala. Ukatero pali miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa pachipatala chachikulu, mukuzungulira mawodi onse, kubereketsa ndi kusoka ovulala pangozi zomwe. Pambuyo pake mpamene umapempha malo a zaka 4 za ukatswiri wa maso. Ukawerengera, ndi zaka zoposa 11 chichokere ku sekondale, ndipo ambiri amakhalitsa kuposa apo chifukwa amayamba atumikira kaye kuboma lina podikira malo ndi thandizo la ndalama. Wofuna kuzama pa mbali imodzi, monga maso a ana, glaucoma imene ili nthenda yokwera mphamvu ya madzi m'diso, kapena retina imene ili kansalu kolandira kuwala kumbuyo kwa diso, amawonjezeranso chaka kapena ziwiri, kawirikawiri kunja.

Chaka choyamba sichosangalatsa. Udzakhala ukung'amba kakhungu ka tomato mozungulira pansi pa maikulosikopu mobwerezabwereza, ukusoka ndi ulusi umene ukaugwetsa pansi suupezanso. Opaleshoni sakupatsa yonse tsiku limodzi. Lero utsegula bala basi n'kudzuka pampando, mwezi wamawa uika kagalasi, mpaka zidutswazo zitakwana.

Ufufuze mbiri ya Dr Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa maso. Atabwera kuchokera ku maphunziro kunja anapeza kuti dziko lonse likuyang'ana iye. Akanatha kungokhala m'fiyeta usana ndi usiku, mzere osatha. Mmalo mwake, m'zaka za m'ma 1980 anatsogolera maphunziro a maso ku Lilongwe, ophunzitsa anthu a m'Malawi muno ndi ochokera m'mayiko ena a kum'mwera kwa Africa, ndipo anachita nawo kafukufuku wa khungu kuchigwa cha Shire. Pambuyo pake analowa ndale, anakhala nduna ya zaumoyo mu 2009, n'kumwalira mu 2010. Kwa ine ntchito yake yaikulu si unduna, ndi manja a anthu ena amene anawasula. Anthu osulidwa chonchi ndi amene anathandiza kufikitsa dziko lino poti mu 2022 bungwe la WHO lilengeze kuti Malawi wagonjetsa trachoma, nthenda ija yopinditsa chikope mpaka nsidze kumakanda diso. Prof Khumbo Kalua ndi bungwe lake la BICO, lolimbana ndi matenda a maso, anali m'gulu lotsogolera ntchitoyo, koma zikope zambirimbiri zinakonzedwa ndi ma clinical officer ndi anamwino m'zipatala za kumidzi.

Akatswiriwa mpaka lero ndi ochepa kwambiri pa anthu oposa 20 miliyoni, ndipo ambiri amapezeka ku Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central, ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Nkhoma. Ntchito sudzaisowa. Ndalama zachangu usayembekezere. Ndipo liwiro lisakunyenge. Amene ine ndinkawalemekeza ndi aja ankalemba m'buku zotsatira za wodwala aliyense, zabwino ndi zoipa zomwe, n'kumaliwerenga bukulo. Zikavuta pakati pa opaleshoni ankaima n'kutuma mmodzi wa ife kukaitana wamkulu wawo, osachita manyazi.

FUNSO: Bambo anga ndi anzawo oyandikana nawo nyumba anapita tsiku limodzi kukaonana ndi katswiri wa maso. Anzawowo anachitidwa opaleshoni ndipo pano akuwerenga Baibulo okha. Bambo anga anangouzidwa kuti opaleshoni singathandize, n'kupatsidwa kabotolo ka mankhwala odontheza. Kodi si tsankho limeneli, kapena ankafuna kangachepe? Mayi wa ku Balaka.

YANKHO: Mayi, mtima wanu ndikuumva, ndipo sindinganene kuti zachinyengo kulibe m'dziko muno. Koma mmene mwafotokozeramu, ine ndikuganizira glaucoma. Taonani m'kabuku kawo ka kuchipatala ngati mwalembedwa mawu amenewa, kapena ngati pakabotolopo palembedwa timolol.

M'diso mumapangidwa madzi nthawi zonse, ndipo amatuluka pa tinjira take. Tinjirato tikamatsekeka, mphamvu ya madzi imakwera n'kumapha pang'onopang'ono mtsempha uja wopita ku ubongo. Muyezo wabwino umakhala pakati pa 10 ndi 21. Kuipa kwake nthendayi nthawi zambiri sipweteka, ndipo imayamba kudya kuona kwa m'mbali. Munthu amangoyamba kugunda mafelemu a zitseko, kupunthwa pa mpando, apabanja n'kumati agogo ayamba kusasamala. Pofika poti waona yekha kuti zinthu sizili bwino, mbali yaikulu ya mtsempha inafa kale, ndipo yafayo sidzuka.

Musanaweruze dokotalayo, dziwani chimene anachita ndi katochi kaja. Amaunika diso ili, n'kuunika linalo, akuyang'ana ngati kamwana ka diso kakuchepa pakafika kuwala. Amafunsa wodwala kuti kuwala kukuchokera mbali iti. Ng'ala ngakhale itakhwima bwanji, munthu amalozabe kumene kuli tochi. Akalephera, ndiye kuti vuto lili kuseri, ndipo kuchotsa ng'ala kungangomupatsa bala ndi chiyembekezo chabodza. Ndinaonapo mabanja akugwada m'kakhonde kupempha kuti angoyesako. Dokotala wofuna kukondedwa amavomera. Wodziwa ntchito amakana, n'kupirira kutukwanidwa.

Mankhwala odonthezawo sabwezeretsa kuona, amateteza kumene kwatsala. Asadumphitse tsiku, ndipo botolo lisanathe mukatenge lina. Ilipo opaleshoni yotsegula njira yatsopano ya madzi, koma nayonso cholinga chake n'kuteteza chotsala. Mukapitanso mufunse mosaopa kuti: mtsempha watsala wochuluka bwanji, ndipo muyezo lero uli pa chiyani? Ngati simukukhutira, muli ndi ufulu wopempha kuti katswiri wina awaonenso.

Tsono nkhani ikhudze inuyo. Glaucoma imayenda m'magazi a pabanja, ndipo ife anthu akuda imatigwira kawirikawiri komanso tikadali achichepere poyerekeza ndi azungu. Inu ndi abale anu onse a bere limodzi, makamaka amene mwafika zaka 40, mukayezetse mphamvu ya madzi m'maso ndi kuunikitsa mtsemphawo, ngakhale mukuona bwinobwino.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Kuno akuti ng'ala amachotsa ndi laser. Ndisunge ndalama ndiwabweretse kuno amayi, kapena achitidwe konko kumudzi? Achimwene a ku Mangochi.

YANKHO: Achimwene, chimene anthu ambiri amachitcha laser pa ng'ala ndi makina otchedwa phaco, amene Charles Kelman wa ku America anayambitsa mu 1967. Kansonga kake kamanjenjemera mothamanga kwambiri n'kuphwanya ng'ala, kenako kuiyamwa kudzera pa kabala ka mamilimita 2 kapena 3. Ndi njira yabwino, ndipo bala limapola msanga. Koma ng'ala za kwathu zambiri zimafika zitauma gwa, ndipo pa zoterozo njira ya manja ija sichepa. Kafukufuku wa ku Nepal wofalitsidwa mu 2007 anayerekeza njira ziwirizi, ndipo patatha miyezi 6 anthu a mbali zonse ankaona pafupifupi mofanana. Ndikanakhala ine, ndalama za basi ndi pasipoti ndikanazisunga kuti amayi azikwera galimoto popita kukaonedwanso, pakhalenso munthu wowadontheza mankhwala. Laser yeniyeni, imene ndi kuwala kwamphamvu kolunjikitsidwa pamalo amodzi, ili ndi ntchito zake: kuboola kathumba kaja kakachita chifunga patapita zaka, zimene anthu amati ng'ala yabwerera, ndi kuteteza maso a odwala shuga.

FUNSO: Mwana wanga wa miyezi 8 ali ndi kadontho koyera pakati pa diso limodzi, kamaoneka bwino madzulo kapena tikamujambula pafoni. Apongozi akuti ndizimudontheza mkaka wa m'mawere, kadzatha akamakula. Mayi wachitsikana wa ku Nkhotakota.

YANKHO: Mwanangu, kalata yako ndaiika kumapeto koma ndi imene yandisowetsa tulo. Usadikire. Choyera pakati pa diso la khanda chingakhale ng'ala yobadwa nayo, chingakhalenso khansa ya m'diso yotchedwa retinoblastoma, imene imagwira ana osakwana zaka 5. Ngati ndi ng'ala, ubongo wa mwana umaphunzira kuona m'miyezi ndi zaka zoyambirirazi, ndipo diso likakhala lotsekeka nthawi imeneyi limakhala laulesi mpaka kalekale, ngakhale adzachite opaleshoni yabwino bwanji ali wamkulu. Ngati ndi khansa, ikapezeka ikadali m'diso ana ambiri amachira, koma ikatuluka n'kutsata mtsempha imapha.

Usadonthezemo mkaka, madzi a masamba kapena china chilichonse. Apongozi uwayankhe mwaulemu kuti anamwino akuti mukaonetse kaye, ndipo ngati n'kotheka apite nawo adzimvere okha. Pita kuchipatala cha boma sabata ino, pempha kuonana ndi wa maso, muonetse chithunzi cha pafonicho, ndipo umuuze kuti ukufuna kalata yotumiza mwana kwa katswiri wa maso a ana. Mwana wotere amamuyeza atamugoneka tulo, maso onse awiri, choncho nyamula zovala ndi thewera zokwanira masiku angapo, ndiponso kabuku kake ka sikelo.